Mkwatibwi wa ku Linga amavala mbiri ya nyanja

Mpunga ukangolowa m'matumba, mwera n'kuyamba kuwinduka mpaka asodzi kukokera mabwato kumchenga, ku Nkhotakota kumayamba kununkhira maukwati. Ndalama ya zokolola ili m'manja, misewu yauma, abale a ku Lilongwe ndi a ku Joni akhoza kufika. Yendani madzulo m'midzi ya ku Linga, kapena tsikani ndi msewu wa M5 kulowera ku Chia, simulephera kupeza nyumba imene kuseri kwake kukufuka utsi woposa wa masiku onse. Thobwa likuzizira m'migolo, mbuzi yamangidwa pamtengo wa mango, atsikana akupeta mpunga. Komatu ntchito yaikulu ya usiku umenewo siili pamafuwa ayi. Ili m'chipinda chimene mwamuna saponda.

M'banja la Chisilamu, mkwatibwi amakhala pamkeka, manja ali chitambasulire, mapazi atawasanjika pakampando. Mayi wodziwa luso akumulemba hina: maluwa, masamba ndi timizere tokhotakhota toyambira kunsonga za zala mpaka kufupi ndi chigongono. Hina ndi masamba a kamtengo, ouma ndi osinja, osakaniza ndi madzi. Ena amathirako mandimu kapena tiyi. Safuna phuma. Phalalo liyenera kukhala pakhungu maola angapo kuti likauma n'kugwa lisiye mtundu wofiirira umene umatha sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi yonseyo mkwatibwi sagwira kanthu. Amamumwetsa madzi, amamudyetsa, ngakhale ntchentche amamuingitsira. Amayi akuluakulu amapezerapo mpata womulangiza, chifukwa munthu amene manja ake ali ndi hina wauwisi amakhala chete n'kumva. Pakona pali phale la makala, lubani ndi udi zikufukiza nsalu zimene avale mawa, tsiku la ndowa, ukwati wa Chisilamu. M'maso adzamupaka wanja, kumutu mpango wonyezimira.

Nyumba ina m'mudzi momwemo, kwa Akhristu, diresi loyera lapachikidwa pamsomali litakutidwa ndi pepala la pulasitiki. N'lobwereka, ndipo Lolemba liyenera kubwerera kwa mwini wake lilibe banga. Pambali pali velo, magolovesi, ndi nsapato zazitali zimene sizinapangidwire mchenga wa kuno. Alangizi a mpingo ali m'katimo, nawonso akulankhula motsitsa mawu. Nyumba ziwirizi zimasiyana mapemphero, koma zimakumana pa kanthu kamodzi: kansalu komanga mfundo kamene azakhali amabwera nako atabisa m'chitenje. M'menemo muli mikanda ya m'chiuno.

Ndaona akwatibwi ambiri a m'mbali mwa nyanja ino, ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti pathupi pa mtsikana mmodzi pamakumana njira zonse zimene zinadutsa pamadzi awa. Tikamalulutira, ndi angati mwa ife angathe kunena kuti chovala ichi chinachokera kuti, chikunena chiyani, ndipo phwando likatha chitsala m'manja mwa yani?

Tiyambe ndi zimene zinalipo alendo asanafike. Kwa Achewa akale, tsiku lolowana silinali la zovala. Ankhoswe ankagwirizana, mwamuna n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mkamwini, banja n'kuyamba. Tsiku limene mtsikana ankakongoletsedwa mpaka mudzi wonse kuima linali lotuluka kuchinamwali. Ankamumeta, kumusambitsa, kumudzoza mafuta a nsatsi mpaka khungu kuwala, kumuthonyeza madontho oyera ndi ofiira pathupi, ndi kumuveka timbwidza ta mikanda kumutu. Pachinamwali chachikulu namwali ankasenza chingondo, chifanizo choumba ndi dothi. Mphini zodula pankhope ndi pathupi zinali chovala chosavula. Nsalu inali ya chiwondo, khungwa la mtengo lofewetsa ndi kusula, kapena ya thonje loomba pamanja. Chilichonse mwa izi chinali ndi mwini luso m'mudzi momwemo, ndipo namkungwi ankadziwa tanthauzo lake.

Mikanda yagalasi si ya dzulo. Wofukula zakale Yusuf Juwayeyi, pamene ankakumba ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la ufumu wa Maravi, anapeza mikanda yagalasi yochokera kunja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi za minyanga ya njovu. Ndiye kuti makolo athu ankavala zochokera kutsidya la nyanja ya mchere kalekale, azungu a mishoni asanalote n'komwe za dziko lino. Chamtengo wapatali kuposa zonse chinali mphande, chigoba choyera chozungulira chodulidwa ku nkhono ya m'nyanja ya India, chimene ankavala mafumu ndi anthu olemekezeka. David Livingstone analemba kuti mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda inamupatsa mphande imodzi, ndipo anthu amene ankayenda naye anamuuza kuti ziwiri zinkagula munthu, zisanu zinkagula mnyanga wa njovu.

Mawu akuti "zinkagula munthu" asatipitirire mofulumira, chifukwa kuno kwathu ndiye kunali msika wake. Salim bin Abdallah, amene timamudziwa monga Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Zombo zake za matanga zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wa pansi unkayambira mpaka ku Kilwa. Popita zinkanyamula minyanga ndi anthu omangidwa m'magoli. Pobwera zinkanyamula mfuti, wonga, waya wa mkuwa, mikanda ya ku Venice, nsalu yoyera ya merikani yoombedwa m'mafakitale a ku Massachusetts, ndi nsalu yakuda ya kaniki yonyikidwa ku India. Mtengo wa mkuyu umene uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, umene timati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, udakalipo. Ndikauona ndimakumbukira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkanda umene unawala m'khosi mwa mtsikana wa ku Linga nthawi imeneyo, kwinakwake unalipiridwa ndi mwana wa mayi wina amene sanabwerenso. Mbiri ya zodzikongoletsera zathu ili ndi misozi, ndipo tisaifotokoze ngati kuti inali ya malonda a mchere.

Ufumu wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890, atsamunda atagwira Jumbe wachinayi n'kumutumiza ku Zanzibar. Koma zimene anthu a kugombe anabweretsa zinamera mizu: Chisilamu, ulimi wa mpunga, mkanjo ndi mzuli wa mkwati, hina, wanja, ndi mawu ambiri a Chiswahili. Ngakhale nkhope ya mkazi inasintha. Livingstone anapeza amayi a m'chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja atavala pelele, kachinthu kozungulira koloweka pamlomo wa m'mwamba. Patapita mibadwo yochepa pelele anazilala, m'malo mwake munalowa chipini cha pamphuno, chimene Aswahili amati kipini. Liwu lakuti chibangili nalonso linayenda ulendo womwewo, kuchokera ku India, kudzera m'Chiswahili, mpaka pamkono pa agogo athu.

Diresi loyera linadza ndi njira ina. Linatchuka ku Ulaya Mfumukazi Victoria atalivala paukwati wake pa 10 February 1840, nyengo yomwe Jumbe woyamba ankayandikira kufika kuno. Amishoni a UMCA atatsegula malo awo ku Nkhotakota mu 1894, ukwati wa m'tchalitchi unayamba kukhala ndi maonekedwe ake. Tchalitchi cha All Saints, momwe anagona Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895, chaona mavelo osawerengeka. Lero mtsikana amene sanavale velo amaona ngati china chake chaperewera, ngakhale ankhoswe atamanga zonse bwinobwino.

Tsono pali njira yatsopano, ya foni ndi kanema. Atsikana amene amaonera masewero a Chimwenye amapita kwa telala kapena kwa mayi wa hina atanyamula chithunzi, n'kunena kuti akufuna zofanana ndi izi. Sindikuwadzudzula, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makolo athu nawonso ankatengera zimene maso awo akonda. Koma popeza tayamba kusirira, tiyeni tione bwino chimene tikusiriracho. Amwenye ambiri amene tinazolowera m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Kum'mawa kuli mtundu wina, Abengali, okhala m'dziko la Bangladesh ndi m'chigawo cha West Bengal ku India. Ndi anthu a madzi, a mpunga ndi nsomba, monga ife tomwe.

Ukwati wawo usanachitike pamakhala mwambo wotchedwa gaye holud, pamene abale amapaka mkwatibwi phala la chikasu pathupi, onse atavala zachikasu. Akuchimuna amatumiza mphatso zoyalidwa bwino m'mathireyi: nsalu, zotsekemera, mafuta, ndi nsomba yaikulu ya mtundu wa rui itavekedwa ngati mkwatibwi. Msodzi wa ku Chia akamva zimenezi sangadabwe, chifukwa akudziwa ulemu umene chambo chachikulu kapena mpasa wa mu Bua umapereka kwa apongozi. Mwambo wa chikasuwu amachita Ahindu ndi Asilamu omwe.

Patsiku lenilenilo mkwatibwi amavala sari yofiira ya silika, kawirikawiri ya mtundu wa Benarasi, yolukidwa ndi ulusi wonyezimira ngati golide. Kwa iwo kufiira ndiye mtundu wa ukwati, ndipo pakati pa Ahindu nsalu yoyera inali ya mkazi wamasiye. Pamphumi ndi m'masaya mwa mkwatibwi wa Chihindu amadonthezapo timadontho toyera ta mtengo wonunkhira wa chandan, zimene zimandikumbutsa madontho a namwali wathu. M'mphepete mwa mapazi amapaka utoto wofiira wotchedwa alta. Kumutu amavala kachisoti koyera kotchedwa mukut, mkwati n'kuvala chosongoka chotchedwa topor, zonse zosemedwa kuchokera kumtima wofewa wa shola, chomera cha m'madambo. Pamphuno pali nath, ndolo yaikulu yolumikizidwa ku tsitsi ndi kaunyolo, msuweni wake wa chipini chathu. Alongo ake amamunyamula pakampando n'kumuzungulitsa mkwati kasanu ndi kawiri, iye ataphimba nkhope ndi masamba awiri, kenako n'kuwachotsa kuti awiriwo aonane. Ndipo panthawi imeneyo amayi amalulutira. Inde, nthungululu yeniyeni, lilime likugunda m'kamwa, ena akuliza lipenga la nkhono.

Koma chimene chimanditenga kwambiri ndi zibangili. Mkazi wa Chihindu wa Chibengali akakwatiwa amavala zoyera zotchedwa shakha, zodulidwa ku chigoba cha nkhono ya m'nyanja, zofiira zotchedwa pola, ndi china chachitsulo chimene amalandira kuchimuna. Mkwati amamupaka ufa wofiira wa sindoor pamzere wa tsitsi. Izi si za tsiku limodzi. Amakhala nazo masiku onse a banja lake. Nkhono yoyera ya m'nyanja ya India imene kwathu inakhala mphande ya mfumu, kwawo mbale wake anakhala chibangili cha mkazi wokwatiwa. Ku Dhaka wakale kuli msewu wopapatiza wotchedwa Shankhari Bazar, kumene mabanja akhala akudula ndi kusema nkhono zimenezi mibadwomibadwo. Osema shola ali ndi dzina lawo, a Malakar. Oomba nsalu yopyapyala ya jamdani ali m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Shitalakshya, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika luso lawo pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu wathu.

Si kuti kumeneko zonse zili bwino. Amisiri a nkhono akupikisana ndi zibangili zapulasitiki zotsika mtengo. Mwambo woti mkazi akaferedwa aphwanyiridwe zibangili ndi kufufutidwa sindoor wapweteka amayi ambiri. Golide amene banja la mkazi limakakamizika kupereka wagwetsa makolo m'ngongole, mpaka India anakhazikitsa lamulo loletsa kufuna chuma kwa akuchikazi mu 1961, Bangladesh mu 1980. Zimenezo tisatengere. Chimene ndikusirira ine n'chakuti chovala chilichonse pathupi pa mkwatibwi wawo chili ndi dzina, chili ndi tanthauzo limene mwana amalidziwa, ndipo mmisiri wake mukhoza kukamupeza pakhomo pake.

Nanga ife? Tengani bajeti ya ukwati wa kuno muiwerenge. Diresi n'lobwereka. Velo n'lobwereka. Mkanda wa m'khosi ndi ndolo zooneka ngati golide n'zogula pamsika, ndipo pakatha mwezi zimachita dzimbiri n'kusiya mzere wobiriwira pakhungu. Tsitsi n'logula, zikhadabo n'zomata. Komiti imasankha chitenje cha ukwati kuti abale onse asoketse, ndipo telala wa pakhonde la sitolo amapalasa makina usiku wonse. Ameneyo yekha ndiye mmisiri wa kuno amene amadyapo. Nsaluyo kawirikawiri yachokera ku Tanzania, ku China kapena ku India, pamene thonje timalima tokha ku Salima kuno, ndipo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre kale inkaveka dziko lonse. Perekaniperekani akatha, ngongole ya ku banki mkhonde n'kubwezedwa, mkwatibwi amatsala ndi zithunzi mufoni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wathu ambiri ndi wapachala.

N'chifukwa chake ndimakonda chinkhoswe kuposa tsiku la holo. Pamenepo zinthu zimalankhulabe. Atsikana angapo amatuluka atafunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, akuchimuna n'kumaponya ndalama kuti avundukulidwe mmodzimmodzi, anthu akuseka, mpaka mwini nkhani ataoneka nthungululu n'kuphulika. Ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi. Mwamuna amalandira nkhwangwa ndi khasu, mkazi amalandira lichero, mthiko ndi chipande. Palibe amafunsa tanthauzo, aliyense akulidziwa. Chitenje chimene chinamuphimba tsiku limenelo ndicho adzaberekere mwana wake woyamba, ndipo mwina ndicho adzafunde pamaliro a mayi ake.

Mikanda ya m'chiuno nayo yapirira. Yadutsa nthawi ya a Jumbe, ya amishoni, ya Kamuzu, ndipo ikadalipo pansi pa diresi loyera ndi pansi pa chovala chachitali cha Chisilamu. Amaitunga ndi manja, amayeza m'chiuno mwa mwini wake, sibwerekedwa ndipo sioneka pagulu. Yofiira, yoyera ndi yakuda ili ndi uthenga wake wa m'nyumba, umene anamkungwi amaphunzitsa kuchipinda. Nyuzipepala si malo ake. Chimene ndinganene n'chakuti amayi odziwa kutunga ndi kumasulira akukalamba, ndipo atsikana ambiri tsopano amangogula yotungatunga pamsika ngati zokometsera wamba.

Si zakale zonse zoyenera kubwerera. Makoza a minyanga, amene anali ulemu wa mkazi wa mfumu, akhale m'nyumba yosungira zakale basi. Nkhalango ya Nkhotakota, imene kale inali ndi njovu zoposa 1,500, inatsala ndi zosakwana 100 pamene bungwe la African Parks linkayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo zinatengera kusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 kuti ikhalenso ndi moyo. Pelele ndi mphini nazo zinapita ndi nthawi yake.

Pali zatsopano zina zimene zikuvulaza ana athu poyera. Hina weniweni amasiya mtundu wofiirira ndipo amachedwa kugwira. Uja wakuda bii wogwira msanga nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD, amene kwa ena amatulutsa matuza ndi kusiya zipsera zotsata maluwa onse amene anajambulidwa. Mafuta oyeretsa khungu, amene mtsikana amayamba kudzola miyezi ingapo ukwati usanafike kuti anthu adzati wawala, ena amakhala ndi mercury kapena hydroquinone, ndipo amawononga khungu, ena mpaka impso. Agogo ake ankawala ndi mafuta a nsatsi ali wakuda monga anabadwira. Ndani anauza mwana wa kunyanja kuti khungu lake liyenera kupepesa patsiku la ukwati wake?

Ndipo pali funso limene aliyense wolowa m'chipinda chija ayenera kufunsa asanagwire hina kapena velo: mkwatibwiyu ali ndi zaka zingati? Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana pafupifupi 42 mwa 100 alionse m'Malawi ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 monga poyambira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mpata wokwatitsa mwana ndi chilolezo cha makolo utsekeke. Zodzoladzola zimakulitsa nkhope, koma sizikulitsa chiuno choti chibereke. Mayi wolemba hina, telala, namkungwi, shehe, abusa, nonse mumamuona mwanayo pafupi kuposa wapolisi aliyense. Mukaona kuti ndi wa sukulu, kanani ntchitoyo ndipo mukauze amfumu.

M'Chisilamu muli chiphunzitso chimene tonse tingaphunzirepo: mahari ndi a mkazi mwini wake, si a bambo ake kapena a malume ake. Akasankha kuti akhale mphete, ndolo zasiliva kapena makina osokera, chinthucho n'chake ngakhale banja litagwedezeka. Kwa Achewa, kumene mbumba imayenda ndi mayi, mkanda wa agogo unkatsikira kwa mdzukulu wamkazi. Njira ziwiri zonsezi zikunena kuti mkwatibwi asatuluke m'phwando lake chimanjamanja.

Akhonsolo ya Nkhotakota ndi a nthambi ya boma yosunga zakale ali ndi mbali yawo. Alendo amabwera kudzaona mkuyu uja ndi mzikiti wa ku Linga, koma palibe chingalepheretse kuti pafupi pomwepo pakhale chipinda choonetsa chipini, mphande, timbwidza ndi nsalu za akwatibwi a mibadwo yosiyanasiyana, ndi malo oti amayi otunga mikanda ndi olemba hina azigulitsirapo luso lawo. Amayi amene anavala zinthuzi ali moyo m'midzi ya kwa Malengachanzi, kwa Mphonde ndi kwa Mwadzama. Awajambule mawu akadali ndi mphamvu zofotokoza.

Kwa inu ankhoswe ndi a komiti amene mukhale pansi sabata ino kuwerengera ukwati wa mwana wanu, ndikupempha chinthu chimodzi. Musanalembe mtengo wa holo ndi wa zokuzira mawu, lembani mzere wa chinthu chimene mkwatibwi adzavale n'kukhala chake mpaka kale, chopangidwa ndi manja a munthu wa kuno amene dzina lake mukulidziwa. Kenako mutumeni mtsikanayo kwa agogo ake, akawapemphe kuti atsegule kachitini kamene amabisa pansi pa sutikesi, ndipo amuuze dzina ndi nkhani ya chilichonse chili m'menemo.